Mpingo wathu ukupita ku Kenya kukaona ana amasiye: kodi ndipite nawo?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Manchester: "Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK. Mpingo umene ndimapemphera ukukonza ulendo wa masabata awiri wa ku Kenya, kukayendera nyumba zitatu zosungirako ana amasiye. Tikaimba nawo, kuwaphunzitsa Mawu, kupenta zipinda ndi kuwagawira zovala. Ine mayi anga anamwalira ndili Sitandade 3, ndinaleredwa ndi mayi aang'ono ku Ntcheu, ndiye za ana amasiye zimandikhudza kwambiri. Ndikufuna kupita ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 17. Koma mlamu wanga akuti maulendo otere amawononga ana. Zoona kukaona mwana wamasiye kungakhale kulakwa? Si zimene Yakobo 1:27 akutilamula?"

Mayi, mlamu wanuyo sakunama. Ulendowu, mmene waukonzera mpingo wanu, ine sindingakulangizeni kuti mupite nawo, ndipo mwana wanga sindingamutumize. Koma musafulumire kufuta Kenya m'mutu, kapena kubwezera anthu ndalama zimene asonkha. Chofunika kusintha ndi khomo limene mukagogode mukakafika kumeneko.

Ndiyambire pa inu nomwe. Mwati mayi anu atamwalira anakutengani mayi aang'ono. Ndikudziwa kuti kuleredwa kwa achibale sikukoma nthawi zonse. Alipo amene anali oyamba kudzuka kukatunga madzi koma omaliza kulandira ndiwo. Sindikubisa zimenezo. Komabe inu munakula mukudziwa pamene pali manda a mayi anu. Munkadziwa malume anu, mfunda wanu, munda umene unali wa mayi anu. Pa chinkhoswe chanu ankhoswe analipo, sanachite kubwerekedwa. Mwana wokulira mumpanda wa nyumba ya ana amasiye akakwanitsa zaka 18 amatuluka pageti ndi chikwama chimodzi. Kumudzi amafika ngati mlendo, munda anagawana kale ena, chilankhulo cha kwawo chimamuvuta, ngakhale kutsatsa tomato pamsika sadziwa chifukwa moyo wake wonse chakudya chinkabwera belu likalira. Ndagwira ntchito yoteteza ana kwa zaka zambiri, ndipo anyamata ndi atsikana amene andiliza kwambiri si makanda ayi, ndi awa otuluka pageti.

Tsono ana amene mukawapeze m'nyumba zitatuzo ndi ayani? Mawu oti "amasiye" amatinamiza. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri, amene mabungwe ngati Save the Children ndi Lumos akhala akulengeza, amaonetsa kuti mwa ana 10 alionse okhala m'nyumba zotere, pafupifupi 8 ali ndi kholo lamoyo, limodzi kapena onse awiri. Otsalawo ambiri ali ndi agogo, azakhali kapena achimwene awo. Ife Amalawi sitiyenera kudabwa nazo. Mukukumbukira m'chaka cha 2006 pamene Madonna anatenga David Banda ku nyumba ya ana amasiye ku Mchinji? Bambo ake a mwanayo anali moyo. Mkazi wawo atamwalira anasowa mkaka ndi njira yosamalirira khanda, n'kukalisiya kumene ankaganiza kuti likapulumuka. Ku Kenya nako ndi chimodzimodzi. Corona itavuta mu 2020, boma linalamula kuti ana a m'nyumbazi amene ali ndi kwawo abwerere, ndipo mwa ana pafupifupi 45,000, oyandikira 20,000 anatuluka m'kanthawi kochepa. Zinachitika mothamanga, popanda kukonzekera, ndipo ena anakavutika. Koma funso likadalipo: ngati analibe wina aliyense, anapita kwa yani?

Chimene chimapereka ana ambiri m'nyumbazi ndi umphawi: fizi, yunifolomu, chakudya, mankhwala, kapena ulumali umene kholo lasowa nawo chochita. Mayi wamasiye wa ana anayi akamva kuti kuseri kwa phiri kuli malo kumene mwana amadya katatu, amagona pamatiresi ndipo amaphunzira mwaulere, amachita zimene kholo lililonse lokonda mwana lingachite. Amamupereka. Apa ndi pamene ulendo wanu ukulowera m'nkhaniyi, ndipo ndikupempha mumvetse bwino chifukwa ndi pamene pagona mutu.

Ndalama za alendo zimatsata bedi. Gulu la mpingo likafika, n'kuona ana 60, n'kulira, n'kujambula zithunzi, limabwerera kwawo kukasonkha ndalama zomangira hositelo ina. Hositelo ikatha, mabedi 40 atsopano sangakhale opanda ana, chifukwa opereka aja akubweranso chaka chamawa. Ndiye wina amakwera njinga yamoto kulowa m'midzi kukafunafuna ana. Sikuti onse oyendetsa nyumbazi ndi akathyali. Ambiri amene ndawadziwa ndi anthu a Mulungu amene anayamba ndi mtima wabwino, kenako anadzapezeka ali mumsampha woti mwana akabwerera kwawo thandizo la mwanayo limatha, malipiro a antchito n'kusowa. Koma akathyali aliponso, ndipo amakonda kumene kuli alendo ambiri. Ku Cambodia, pakati pa 2005 ndi 2010, nyumba za ana amasiye zinachuluka ndi 75 peresenti panthawi yomwe alendo ankachulukanso, chikhalirecho ana ambiri a m'menemo anali ndi makolo. Ku Haiti, chivomerezi chitachitika mu Januwale 2010, Akhristu 10 a Baptist a ku America, ambiri ochokera ku Idaho, anamangidwa pamalire akutuluka ndi ana 33 amene ankati ndi amasiye, koma zinadziwika kuti ambiri mwa anawo makolo awo anali moyo. N'chifukwa chake dziko la Australia, pokonza lamulo lake lothana ndi ukapolo wamakono la 2018, linavomereza kuti kulowetsa ana m'nyumba zotere n'cholinga chokopa ndalama za alendo ndi mtundu wina wa malonda ogulitsa anthu. Boma la UK kumene mukukhalako nalo, kuyambira mu 2019, limachenjeza nzika zake za kuipa kokagwira ntchito yongodzipereka m'nyumba za ana amasiye kunja.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga pa nyumba ina, dzina ndisunga. Tinafika Lachiwiri kukachita kalembera wa ana, osadziwa kuti Lachinayi kukubwera alendo. Tinapeza ana sanapite kusukulu, akuyeserera nyimbo ndi magule pabwalo. Kamtsikana kena ka zaka 9 kanali pambali, akukaphunzitsa mmene kakafotokozere mbiri yake: kuti makolo onse anamwalira, kuti kanatoledwa kakugona pamsika. Mufaelo yake munali dzina la mayi ake ndi mudzi wawo, makilomita osakwana 30 kuchokera pamenepo. Mayiwo ankabwera kudzamuona, koma ankauzidwa kuti asabwere sabata ya alendo. Alendo aja sanalakwe dala. Anamva zimene anauzidwa, analira misozi yeniyeni, anapereka ndi mtima wonse.

Tsopano za mwana weniweniyo, amene adzakuthamangireni mutangotsika m'basi, n'kukukumbatirani, n'kukana kutsika pamiyendo panu. Aliyense wobwerako ku maulendo amenewa amasimba zomwezi: "Anawo ndi achikondi, anangotikakamira!" Inu ndinu mayi. Mwana wanu ali ndi zaka zitatu, mlendo wosamudziwa akalowa m'nyumba ankatani? Ankabisala kumbuyo kwa chitenje chanu, n'kumasuzumira. Amenewo ndiye makhalidwe a mwana amene ali ndi munthu wakewake. Mwana wothamangira aliyense, wokonzeka kupita ndi aliyense, akukuuzani kuti alibe chitenje chobisalako. Ndi bala limenelo, osati chisangalalo.

Zimenezi zinafufuzidwa mozama ku Romania. Ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa mu 1989, dziko linapeza ana opitirira 100,000 m'nyumba za boma. Kuyambira cha m'ma 2000, akatswiri atatu a ku America, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, anatsatira ana aang'ono 136 a m'nyumbazi mumzinda wa Bucharest. Theka anapatsidwa mabanja owalera, theka anatsala momwemo. Amene analowa m'mabanja anakula bwino m'nzeru, m'chilankhulo ndi pa kudalira anthu owalera, makamaka amene anatuluka asanakwanitse zaka ziwiri. Mwina munganene kuti nyumba za ku Romania zinali zoipitsitsa, pomwe za ku Kenya zimene mukupitako ndi zaukhondo, za Chikhristu. Ndikuvomereza kuti zimasiyana. Koma chinthu chimodzi n'chofanana paliponse: wosamalira mmodzi ali ndi ana ambiri, amagwira mwa mashifiti, mawa akhoza kusiya ntchito. Pamwamba pa zimenezo onjezani alendo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Inu mukakhala masiku atatu kapena anayi pa nyumba iliyonse, mwana akukondani, mukumunyamula, mukumuuza kuti Yesu amamukonda ndipo inunso mumamukonda. Basi ikunyamuka. Patatha masabata awiri kukubwera gulu la ku Texas, kenako la ku Korea. Inu mudzatsanzika kamodzi, mudzalira m'ndege, mudzachira. Iye amasiyidwa kakhumi pachaka, ndipo chimene akuphunzira n'choti aliyense wonena kuti amamukonda amachoka Lachisanu.

Pali china chimene sitikonda kuchitchula mumpingo. Inu kuntchito kwanu simunaloledwe kukhudza nkhalamba ngakhale imodzi chikalata chanu cha DBS, chofufuza ngati munapalamulapo mlandu, chisanatuluke. Tangoganizani basi ya alendo 20 ochokera kunja itaima pakhomo pa malo amene mumagwirapo ntchito, n'kunena kuti tabwera kudzakumbatira agogo ndi kuwajambula kuti tikaike pa Facebook. Abwana anu angawatsegulire? Nanga bwanji tikuona ngati n'zabwinobwino kwa ana a ku Kenya? Geti limene latsegukira inu, anthu abwino, latsegukiranso wina aliyense wonyamula Baibulo ndi chikwama cha maswiti. Mu 2014 mnyamata wa zaka 19 wa ku Oklahoma, Matthew Durham, anapita kukatumikira pa nyumba ina ya ana kufupi ndi Nairobi. Khoti la ku America linamupeza wolakwa pa milandu yogwiririra ana a pamalopo ndipo mu 2016 linamulamula kukhala m'ndende zaka 40. Simon Harris, Mngelezi amene ankayendetsa ntchito zachifundo ku Gilgil ku Kenya konko, anamangidwa zaka zoposa 17 mu 2015 chifukwa chozunza anyamata a m'misewu. Nyumba imene ikulola alendo kusewera ndi ana popanda kuwafufuza mbiri yawo yakuuzani kale mmene imatetezera anawo.

Za kupenta zipinda sinditaya nazo nthawi. Ku Kenya kuli amisiri openta amene akusowa ganyu, ndipo tikiti ya ndege ya munthu mmodzi ingalipire ambiri a iwo. Zovala nazo, kaunjika ali mbwee pamsika wa Gikomba ku Nairobi.

Tibwere kwa Yakobo, chifukwa ndikudziwa kuti ndi pamene mtima wanu waima. Vesilo silikunena za ana amasiye okha. Likuti ana amasiye ndi akazi amasiye, pamodzi, m'chisautso chawo. M'Malemba awiriwa amayendera limodzi kawirikawiri, chifukwa mwana wamasiye wa nthawi imeneyo nthawi zambiri anali wopanda bambo, ali m'nyumba ndi mayi ake amene alibe wowalimira. Ndipo mawu a Chigiriki amene anamasuliridwa kuti kucheza nawo kapena kuwayendera ndi a banja limodzi ndi mawu otanthauza woyang'anira. Si kuzonda kwa tsiku limodzi; ndi kusamala munthu mpaka vuto lake litapepuka. Werenganinso 2 Mafumu 4. Mkazi wamasiye akulira kwa Elisa kuti wangongole akubwera kudzatenga ana ake awiri. Mneneri sananene kuti bweretsa anawo ndikawasunge ku sukulu ya aneneri. Anamufunsa chimene ali nacho m'nyumba, mafuta anachuluka, anamuuza kuti akagulitse, abweze ngongole, zotsalazo adye ndi ana ake. Masiku ano tikanati anamupatsa mpamba wa geni. Estere nayenso makolo ake atamwalira analeredwa ndi Moredekai, m'bale wake. Zimene anachita mayi anu aang'ono ku Ntcheu ndi Yakobo 1:27 yeniyeni, ngakhale panalibe wowajambula.

Boma la Kenya lenilenilo latembenuka kale. Mu 2017 linaimitsa kulembetsa nyumba zatsopano za ana zoyendetsedwa ndi mabungwe, ndipo lamulo la ana la 2022, pamodzi ndi ndondomeko ya zaka khumi yofika 2032, likufuna kuti ana achoke m'nyumbazi apite m'mabanja. Rwanda inayamba kale ulendo womwewu mu 2012, n'kubwezera ana masauzande kwa achibale ndi mabanja owalera. Kwathu ku Malawi lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana nalo limaika banja patsogolo. Choncho mpingo umene lero ukusonkhera hositelo yatsopano ku Kenya ukupalasa bwato mobwerera.

Ndiye mutani? Pitani kwa abusa kapena kwa amene akutsogolera ulendowu, mwaulemu, panokha, osati pagulu la WhatsApp. Kumbukirani kuti mwina akhala akuthandiza nyumbazi zaka zambiri ndipo amawadziwa anawo mayina. Mukawafikira ngati mukuwaimba mlandu atseka makutu. Afunseni ngati nyumbazo zili m'kaundula wa boma ndiponso ngati ofesi yoona za ana ya m'deralo imaziyendera. Afunseni kuti ndi ana angati amene ali ndi achibale odziwika, ndipo chaka chathachi ndi angati anabwerera kwawo. Funso lachiwirili ndi limene limaulula zambiri. Nyumba yabwino imayankha ndi nambala, ndipo imanyadira kuti mabedi akuchepa. Ikayankha kuti "ana athu alibe kopita" osatsegula faelo ngakhale imodzi, dziwani kuti palibe amene anafufuzapo. Funsaninso ngati pali wogwira ntchito yoyendera mabanja, komanso ngati anakupemphani zikalata zapolisi. Ku UK kuli chikalata chopangidwira ntchito imeneyi, International Child Protection Certificate, chimene amapereka a ACRO, ofesi ya apolisi yoona mbiri ya milandu ya anthu.

Chonde, chinthu chimodzi musachite: musakope mpingo kuti ungodula thandizo mwezi wamawa. Anawo alipo, akudya ndalama zimenezo. Nyumba ikatsekedwa mwadzidzidzi ana amangomwazika, ena kumisewu, ena kwa wachibale yemwe uja anawazunza. Kubwezera mwana kwawo ndi ntchito ya miyezi, nthawi zina zaka: kufufuza achibale, kuona ngati pakhomopo ndi pabwino, kuyamba ndi maulendo a tchuthi, kuthandiza banjalo ndi fizi kapena mpamba, kenako kumayenderabe. Ndipo alipo ana ochepa amene kwawo sikungatheke ndithu. Amenewo amafunika banja lina lowalera, kapena kanyumba kakang'ono kokhala ndi owasamalira osasinthasintha. Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo pa zaka zoyambirira zimafuna zambiri kuposa kale. Mpingo wanu ungauze oyendetsa nyumbazo kuti: sitikusiyani, koma tiyeni tilipire wogwira ntchito yoyendera mabanja, ndipo thandizo la mwana lizimutsatira akapita kwawo. Nyumba zina zimene zinayenda njira imeneyi lero ndi sukulu zoyendera, zipatala zazing'ono kapena malo ngati mkombaphala wa kwathu, kumene mwana amadya phala, kuphunzira, madzulo n'kukagona kwa agogo ake.

Ulendo weniweniwo ukhoza kuchitikabe, ngati matikiti agulidwa kale. Khalani ndi akuluakulu m'malo mwa ana. Kapemphereni ndi mpingo wa kumeneko, mukamve kwa abusa ndi amayi a m'deralo zimene zimachititsa makolo kupereka ana. Kachezeni ndi magulu a amayi osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene kumeneko amati chama, ofanana ndi banki m'khonde yathu. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kakhale kenikeni: ngati m'gulu mwanu muli namwino, wowerengera ndalama kapena mphunzitsi wa ana olumala, akagwire ntchito ndi anzake a ntchito yomweyo. Inuyo luso lanu losamalira munthu wosatha kudzuka, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumudyetsa osamutsamwitsa, ndi golide kwa mayi amene akulera mwana wolumala kumudzi, ndipo ana olumala ndi amene amatsalira kwambiri m'nyumbazi ena akamapita kwawo.

Gulu likaumirira kuti lilowebe m'nyumba zija ndipo inu mwasankha kupita, kaoneni oyang'anira ndi antchito, nthawi imene ana ali kusukulu. Musalowe mogona ana. Musakhale ndi mwana awiriwiri. Musajambule nkhope zawo, ndipo musafunse mwana kuti asimbe mmene makolo ake anafera. Mphatso perekani kwa owasamalira kuti adzagawe okha inu mutapita, kuti mwana aziyamika munthu amene akhale naye mawa. Ndipo musalonjeze kuti mudzabweranso.

Mwana wanu wa zaka 17 mukhoza kupita naye pa ulendo wosinthidwawu, ndipo adzaphunzira zambiri kuposa akanapita kukanyamula makanda. Mufotokozereni zifukwa zake. Achinyamata a msinkhu umenewo amamva msanga nkhani ya chilungamo kuposa ife. Ngati mtima wake uli pa ana, ku Manchester komweko makhonsolo akusowa mabanja olera ana, ndipo ana akuda nthawi zambiri amadikira nthawi yaitali kuti apeze banja. Bungwe la Chikhristu la Home for Good limagwira ntchito ndi mipingo pa nkhani imeneyi.

Musanakumane ndi abusa, ngati mayi aang'ono aja akadali moyo, aimbireni foni. Afunseni kuti zaka zimene ankakulerani chinkawasowetsa tulo kwambiri n'chiyani, ndiponso ngati linalipo tsiku limene anaganizapo zokakusiyani kwina chifukwa zinthu zinathina. Lembani zimene akuuzeni, mupite nazo ku msonkhano wa komiti ya ulendo.